Dzina la Nanyali

Ku Chisenga mukafunsa telala, aliyense adzakulozerani khonde la Mayi Rosemary Namukonda, moyang'anana ndi chigayo. Atelala ena alipo, inde, koma amenewo ndi a zigamba. Wofuna diresi la ukwati, kapena yunifolomu yoti mwana avale mpaka m'bale wake adzalandire, amapita kwa mayi amenewa, ndipo amapita atakonzeka kunyozedwa. Amakuyezani m'chiuno uku akukuuzani kuti mwanenepa. Amagwira nsalu yanu ya ku Tunduma n'kukuuzani kuti anakupusitsani. Kenako amasoka chovala choti mukachivala mumaiwala chipongwe chonse chija.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha nyumba. Ndine Phyllis, namwino, kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo boma litanditumiza ku chipatala chaching'ono cha kuno ndinalira kuyambira pa Karonga mpaka kutsika galimoto. Nyumba za ogwira ntchito zinali zodzaza, choncho ndinapeza chipinda kuseri kwa nyumba yawo. Tsiku loyamba lomwelo ndinalakwitsa. Ndinali nditamva kuti malemu amuna awo anali a Silungwe, ndiye ndinawapatsa moni kuti Mayi Silungwe.

"Silungwe ali kumanda uko," anandiyankha osadzutsa mutu pamakina. "Ine ndine Namukonda, mwana wa a Simukonda. Kuno Si ndi mwamuna, Na ndi mkazi. Dzina limanena lokha, a nesi, sitivutika n'kufunsa."

Na uja ndinkamudziwa, kwathunso kuli a Nabanda ndi a Naphiri. Koma Si anandisokoneza kwa nthawi ndithu. Ndikamaitana odwala pamzere, a Simfukwe, a Sichali, a Sikwese, khutu langa la kummwera linkamva ngati amuna onse a kuno akukana chinachake.

Chichewa chawo Mayi Namukonda anachitola m'malaini a polisi. Anakwatiwa ali mtsikana ndi kapolisi wamanyazi amene anadzafika pa usajeni, ndipo anayenda naye ku Dowa, ku Nkhotakota, mpaka ku Nsanje kumene amati ankagona atanyowetsa chitenje. Kusoka anakuyamba pofupikitsa mathalauza a anzake a mwamuna wawo. Sajeni atamwalira, anakweza makina awo a mapazi pa lole n'kubwerera kumunsi kwa mapiri a Mafinga kumene anabadwira, ndi ana awiri. Wamkulu, Eva, anakwatiwa tsidya la Zambia ndipo amabwera akafuna. Wachiwiri ndi Caleb, amene amakonza mafoni ku Mzuzu. Ameneyu anali atasiya kubwera.

Za ulendo wake womaliza anandifotokozera kangapo, ndipo nthawi zonse ankayambira pa malaya. Caleb anafika atavala malaya abwinobwino koma mkono wake unali utang'ambika, wina n'kuusoka ndi ulusi wakuda pa nsalu yoyera, misoko yokhotakhota ngati njira ya nyerere. Mwana wa telala, kuyenda ndi zimenezo pamsika wa Chisenga! Anawatenga pachingwe kuti amasule asoke bwino, koma Caleb anawalanda m'manja mwawo ngati akuwachotsa pamoto. Atamufunsa amene anasoka, anati ndi Justin, mnzake amene amakhala naye nyumba imodzi. Iwo anaseka mpaka misozi. Tsiku lomwelo abale a bambo ake anabwera ndi nkhani ya mtsikana wa banja labwino amene anamuonera, ndipo anamukhalira pakhosi mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake Caleb anakwera galimoto yoyamba. Kuchokera pamenepo Khirisimasi zingapo zinadutsa, iye kulibe.

Pakhonde mayiwa ankalankhula za mwana wawo monyada, kuti ntchito yamuchulukira. Kuseri, tikamasenda mbatata tili awiri, ankanena zenizeni. Ankaopa kuti Caleb adzabwera ku Chisenga kamodzi kokha, kudzawaika m'manda.

Chimene chinatsala pakati pawo ndi foni, ndipo nayonso inali ya "muli bwanji, ndili bwino" basi. Tsiku lina anamudandaulira kuti ngakhale wailesi imalankhula nawo kuposa mwana wobereka okha. Caleb anati pali buku lina la ku China limene akuwerenga pa intaneti, lomasuliridwa m'Chingerezi, la mitu yambirimbiri yosatha, ndipo ngati akufuna aziwafotokozera. Anayamba kuwatumizira mawu ake pa Watsapu, mutu umodzi uthenga umodzi, m'Chichewa chake cha m'malaini chothira Chitumbuka apa ndi apo.

Netiweki ya kuno ili ndi malo ake. Imakhala pachulu kuseri kwa chigayo, ndipo tsiku lina imakulandirani ngati mwalowa mu Zambia. M'mawa uliwonse Mayi Namukonda ankakwera chulucho atakweza foni m'mwamba mpaka uthenga utalowa. Masana ankaitsamiritsa pa chitini cha maulusi n'kumamvera uku mapazi akupalasa makina. Ine poyamba ndinkangodutsa ndi ndowa yanga. Kenako ndinayamba kuchedwa pakhondepo, kenako ndinabweretsa mpando wanga.

Nkhaniyo inali ya dziko la mapiri ataliatali kumene anthu amauluka ataima pa lupanga. Ndinkayesa kuti zimenezi ziwadabwitsa, koma ayi. "Kuno amaulukira lichero, kumeneko lupanga," anatero. "Aliyense ndi chiwiya chake." Pamwamba pa phiri lina lozizira panali chipata, kuseri kwake ziwanda, ndipo pachipatapo panali mlonda wosalankhulalankhula. Lupanga lake linali ndi temberero. Akalisolola n'kupha chiwanda, linkamuiwalitsa munthu mmodzi, amene ali pafupi kwambiri ndi mtima wake. Kumunsi kwa phirilo kunkakhala munthu wopanga nyali za mapepala, amene ntchito yake inali kuperekeza mizimu ya akufa yosochera njira. Anali watsitsi lofika m'chiuno, wovala mkanjo woyera, wodziwa kuphika mankhwala. Mlonda akabwera ku nkhondo mkono wa mkanjo wake utang'ambika, wa nyaliyo ndi amene ankausoka.

Maina awo a Chitchaina anawakanika tsiku loyamba lomwe. "Awa akuthyola lilime," anatero, n'kuwapatsa awo. Mlonda wa paphiri lozizira anakhala Simphepo, pakuti mphepo ya ku Chitipa amaidziwa bwino, imachotsa chitenje pachingwe n'kukachisiya kwa aneba. Wa nyali uja, watsitsi lalitali, wophika, wosoka, sanaganizenso kawiri. Anakhala Nanyali.

Chimene chinatigwira tonse ndi ichi. Nthawi iliyonse Simphepo akapha chiwanda, ankakumbukira mfumu yake, asilikali ake, ngakhale galu wa pachipata. Koma akafika kwa Nanyali ankamuyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi ndinu ndani?" Nanyali ankangoyankha kuti, "Ndine wa nyali, ndimangodutsa," ndipo ankayambiranso pachiyambi, moni, tiyi, kukhala chete limodzi. Ulendo wachitatu zitachitika, Mayi Namukonda anaimitsa makina.

"A nesi, mwamva? Lupanga limadya amene ali pamtima. Nanga bwanji limadya Nanyali yekhayekha?" Anamenya dzanja pa tebulo. "Chitsiru ichi chimamukonda, koma sichikudziwa. Lupanga ndi limene likudziwa."

Ine mtima wanga ndi wachangu, ndipo bukuli linkandizunza. Chisanu chinatha, fumbi linabwera, mvula inagwa, anthu anabzala mawere, awiriwa asanagwirane ngakhale chala. Mutu wathunthu unkatha akuyenda pa mlatho, wina kutsogolo wina kumbuyo. Ndinkafunsa ngati adzagwirane dzanja tikadali moyo. Mayiwa ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Inu mwazolowera jakisoni, kubaya kamodzi basi munthu azipita. Uwu ndi mpendero, a nesi. Umapinda pang'onopang'ono, apo ayi umakhota."

Iwo ankamva zinthu zimene ine zinkandidutsa. Pamutu wina Simphepo anathira tiyi m'makapu awiri, ndipo kapu yobenthuka anaitembenuzira kwa iye mwini. Caleb anangozinena modutsa, koma amayi ake anabweza uthengawo kuti amvenso. Kenako anandiuza kuti Sajeni wawo sananenepo mawu oti chikondi moyo wake wonse, koma akamayenda nawo mumsewu ankayenda mbali ya fumbi. Anapukuta magalasi nthawi yaitali tsiku limenelo.

Chinthu chimodzi chokha chinkawakwiyitsa mwa Nanyali, ndicho kusoka. Bukulo linkanena poyera kuti misoko yake inali yoipa, yokhota, ya ulusi wosagwirizana ndi nsalu. "Koma mtsikana ameneyu amake anamulera bwanji?" ankatero. "Kukongola konseku, singano osaidziwa?" Komabe mfumu itapatsa Simphepo mkanjo watsopano wa silika, iye anaukana. Sankakumbukira amene anasoka wakalewo, koma zala zake zinkayendayenda pa misoko ija akakhala yekha. Pamenepo telala wa ku Chisenga anagonja. Anati m'zaka zonse zimene wasokera anthu, palibe amene anagwirapo msoko wake motero.

Amayi obwera kudzayezetsa zovala anayambanso kuchedwa pakhonde. Nanyali anatchuka mpaka kuchigayo. Ena ankati ndi wopusa, akanapeza mwamuna wina wa mutu wabwino. Ena ankati akazi opirira chonchi anatha. Mayi Namukonda ankaweruza milandu yonseyi ali ndi mapini pakamwa, ndipo nkhope yawo inkawala. Mwana wawo ankalankhula nawo tsiku lililonse, ndipo Chisenga yense ankamumvera.

Nkhani itayandikira kumapeto, chimwemwe chinawapitirira. Anakwera chulu n'kutumiza uthenga wawo. Ine ndinalipo, ndinawagwirira batani, chifukwa chala chawo chimaterereka.

"Caleb, mwana wane, buku ili ndi labwino chomene. Awa akwatirane basi, atilekere kutivutitsa. Ndipo ndikuuze, mkazi ngati Nanyali ndi amene ndimakupempherera iwe. Ukamupeza wotere ubwere naye, kusoka ndidzamuphunzitsa ndine."

Uthengawo unafika, tinaona kuti waumva. Yankho silinabwere. Mawa lake chulu chinangowapatsa mphepo, mkuja chimodzimodzi. Akaimba, foni inkangolira. Amayi a pakhonde ankafunsa za Nanyali, iwo n'kumati mwana ali ndi ntchito. Ndinawaona akusoka kolala mozondoka, chinthu chimene sindinkaganiza kuti manja amenewo angachite.

"Mwina ndamukhumudwitsa ndi za ukwati zija," anandiuza. "Inu mumadziwa Chingerezi. Mupempheni akupatseni bukulo, mundiwerengere ndinu. Mwina akaona kuti ndikulifunadi ayambanso."

Ndinamulembera Caleb. Anandiyankha msanga, ngati ankadikira. Ananditumizira pamene bukulo likupezeka, ndi mutu umene anaimira, ndi mawu ochepa: "Muwawerengere momwe alembera, chonde."

Ndinalitsegula masana ena mzere wa odwala utatha, nditakhala pa benchi ya sikelo pamene netiweki imayesako. Ndinawerenga ndime yoyamba, ndinabwereza. Chingerezi chili ndi khalidwe limene Chichewa chilibe. Sichingatchule munthu kawiri osaulula ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ife timati iye, anabwera, anasoka, analira, ndipo mukhoza kutha chaka mukukamba za munthu osadziwa. Koma apa kamawu ka amuna kanali pa Simphepo, ndipo kamawu komweko kanali pa Nanyali. Ndinati mwina womasulira analakwitsa. Ndinabwerera ku mutu woyamba. Panali chithunzi cha anthu awiri atsitsi lalitali, wina wagwira lupanga wina nyali, onse amuna.

Mutu wanga unaima. Ndinakulira m'tchalitchi ngati wina aliyense, ndipo chimene chinabwera koyamba ndi manyazi, ngati wina wandipeza ndikusuzumira pawindo la eni. Ndinaika foni m'thumba. Sipanapite nthawi ndinaitulutsanso, chifukwa manyazi ndi manyazi koma ndinkafunabe kudziwa ngati Simphepo akumbukire. Chikondi chimene ndinachidikira miyezi yonseyi chinali chomwecho, mlatho womwewo, kapu yobenthuka yomweyo. Palibe chinasintha kupatula kamawu kamodzi.

Kenako ndinakumbukira malaya oyera a Caleb aja, a ulusi wakuda. Ndinamulembera kuti, "Achimwene, mukudziwa chimene mukundipempha?" Anayankha kuti, "Ndikudziwa. Ndayesa chaka chonse. Pakamwa pakukanika."

Ndinamukwiyira pang'ono, kunena zoona. Katundu wake wolemera anandisenzetsa ine, mlendo wa chipinda chakuseri. Koma ndinamumveranso chisoni kwambiri. Mwana wamwamuna wamkulu, kukhala pansi tsiku ndi tsiku kumasulira amayi ake buku lonse la ku China, kuti mwina penapake amve chimene iye akulephera kunena.

Ndinasankha Lamulungu masana, pakhonde popanda anthu. Tinakhala m'nyumba chifukwa cha mphepo, iwo akupinda mpendero wa siketi pamanja, akadali ndi bulauzi yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Ndinayamba kumasulira. Akuluakulu a phiri anali atabweretsera Simphepo mwana wamkazi wa mfumu kuti amukwatire, pamaso pa khamu lonse. Iye anali atangobwera ku nkhondo yaikulu, ataiwalanso. Nanyali anaima kumbuyo kwa anthu ndi nyali yake, wokonzeka kunenanso kuti amangodutsa.

"Asayerekeze kuvomera," anatero Mayi Namukonda, singano ili m'mwamba.

Ndikanatha kubisa. Chichewa chinali kumbali yanga, ndikanangoti iye, munthu, wosokayo, ndipo tikanamaliza bwinobwino n'kumwa tiyi. Ndinaona mzere ukubwerawo ndipo lilime linafunadi kuukhotetsa. Koma mwini wake anati momwe alembera.

"Simphepo anagwira mkono wa mkanjo wake," ndinawerenga. "Anayang'ana akuluakulu aja n'kunena kuti: Dzina lake sindikulidziwa, nkhope yake sindikuikumbukira. Koma mwamuna amene anasoka apa ndi amene ndidzakalamba naye."

Anaseka pang'ono. "Mwalakwitsa, a nesi. Werenganinso."

"Mwamuna, mama."

"Nanyali?"

"Ndi mwamuna kuyambira mutu woyamba." Ndinawaonetsa chithunzi chija.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, atachiyandikitsa, atachitalikitsa. Kenako anandibwezera foni ngati yatentha.

"Chiuta wane! Chaka chonse ndakhala ndikulirira zimenezi? Ine? Ndi amayi a mpingo pakhonde panga?" Anaimirira, siketi inagwa pansi. "Chotsani, chotsani. Mwana ameneyu wandinamiza, wandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Pamenepo mtima wanga wachangu uja unatsogola. "Sananame, mama. Mverani mauthenga akewo. Sanatchulepo Nanyali ngakhale kamodzi, sananenepo kuti mkazi. Iye ankati wa nyali uja. Dzinalo munapereka ndinu."

Anandiyang'ana ngati ndawamenya mbama. Ndinayesa kuti andiuza ndilongedze katundu. Koma ayi. Anatola siketi, anaikung'untha, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Masiku otsatira moni wathu unali wa "monire, yewo" basi. Chulu anasiya kukwera. Amayi ofunsa za Nanyali ankauzidwa kuti foni yafa, ndipo ofunsa kawiri ankauzidwa kuti nsalu yawo ndi yachabechabe. Koma foniyo sinafe. Ndikamabwera ku ntchito ndinkawapeza pakhonde makina ali chete, foni itakanikizidwa kukhutu, mawu atachepetsedwa. Ankamvera mauthenga onse kuyambira woyamba, umodziumodzi, ngati munthu amene akumasula chovala kuti aone pamene chinalakwika.

Tsiku lina ndikuchapa kuseri anabwera n'kukhala pa mtondo wogubuduzika. Anaoneka okalamba.

"Sananame nadi," anatero. "Wa nyali uja, wa nyali uja. Ndipo ndikamutumizira mawu oti mtsikana ameneyu, iye mu uthenga wotsatira ankangopuma mwamphamvu n'kupitiriza." Anandiyang'ana. "Mkono wa malaya, a nesi. Ulusi wakuda. Anandionetsa ndi maso anga zaka zapitazo, ine n'kumaseka. Kenako wandiuza chaka chonse, ine n'kumaseka misoko yomweyo."

Ndinangopitiriza kufinya yunifolomu imene inali itafinyika kale.

"Kuchipatala kwanuko kuli mankhwala ake?"

"Kulibe, mama. Si matenda."

Anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale. "Ine ndine mkazi wa wapolisi. Ndikudziwa chimene lamulo limachita ndi anthu otere. Ndikudziwa chimene abale a bambo ake anganene, ndi chimene angachite. Mwana wanga amagona ndi mantha amenewa tsiku lililonse, ndipo ine ndinali pachulu kumupempherera mkazi." Apa analira mosabisa, kulira kwa munthu wamkulu kosatulutsa phokoso. Inenso ndinalira, manja ali ndi thovu.

Atapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anandifunsa chinthu chimene sindinkachiyembekezera. "Nanga wa nyali uja, atamva mawu amene aja pakati pa anthu, anatani?"

Ndinali nditawerenga mpaka kumapeto, ndipo ndinatsegula pakamwa. Anakweza dzanja.

"Yayi, musandiuze. Mwini nkhani alipo."

M'mawa mwake anagogoda pachitseko changa ndisanamwe tiyi. Anali atavala juzi ya malemu Sajeni, foni ili m'manja. Tinadutsa pa chigayo, anthu akutipatsa moni, iwo akuyankha mwachidule. Pachulu mphepo inali ikuwomba kuchokera ku Mafinga, yolowa m'mafupa. Anandipatsa foni kuti ndigwire batani. Anakonza kukhosi kawiri. Ulendo woyamba sanatulutse mawu, ndinafufuta. Wachiwiri anayamba.

"Caleb. Ndine amako. A nesi andiwerengera." Anapuma. "Sindikunamiza, zonse sindikuzimvetsa, ndipo kutchalitchi sindikudziwa ndikakhala bwanji. Zimenezo ndi zanga ndi Chiuta, usazisenze iwe. Koma munthu uja ndinamulakwira dzina. Kuno dzina limanena lokha, ndiye tikonze. Ndi Sinyali."

Batani sindinalisiye.

"Buku silinathe, ndipo a nesi amawerenga mothamanga ngati akuitana odwala. Ndikufuna undimalizire iwe, pakhonde pano, osati pafoni. Abale a bambo ako ndithana nawo ndine. Malaya aja ubwere nawo, sindimasula." Anayang'ana kumapiri, kenako anabwezera pakamwa pafupi ndi foni. "Ndipo ndinanena kale kuti ukamupeza wotere ubwere naye. Mawu amenewo sindinabweze. Umuuze Justin kuti kuno kumazizira, atenge juzi. Kusoka ndidzamuphunzitsa ndine."